Borrow kapena Lend? Nkhani ya Matumba Atatu

Anyamata a Fomu 1 akangofika pano pa seminale, sipapita sabata asanamve kuti mu Fomu 3 muli mnyamata wina amene anzake amamuitana kuti Borrow Me. Mnyamatayo ndine. Ena amayesa kuti dzinali lidabwera chifukwa chokonda kupempha sopo ndi shuga kwa anzanga, koma si choncho ayi. Lidachokera m'kalasi, ndipo pambuyo pake lidanditsata mpaka kumudzi, kumene lidatsala pang'ono kuononga mbiri ya bambo anga. Nkhani ya m'kalasiyo anzanga onse amaidziwa. Ya kumudzi ndakhala ndikuibisa nthawi yonseyi, ndipo ndisanailembe pano ndidayamba ndapempha chilolezo kwa bambo. Iwo adangoti, “Lemba, koma maina a anthu usatchule.”

Munali m'teremu yoyamba ya Fomu 1, m'chaka cha 2023. Monga mudziwa, pano timayenera kuyankhula Chingerezi nthawi zonse, ndipo ine ndinkadziona ngati katswiri popeza ku pulaimale ndinkakhala nambala wani pa phunziroli. Tsiku lina Bambo amene ankatiphunzitsa Chingerezi adalowa m'kalasi atanyamula dikishonale yao yaikulu ya Oxford. Titayamba kuwerenga nkhani ina, ndidapeza liu lachilendo. Ndidakweza mkono, nkuimirira, ndi kunena mokweza kuti, “Father, please borrow me your dictionary.”

Bambowo adavula magalasi, nayang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna thandizo. Kenaka adandifunsa m'Chingerezi mau amene m'Chichewa tingati, “Ndikubwereke iweyo? Kwa yani? Nanga ndikakubwereka ndikakugwiritse ntchito yanji, poti dzulo ndidakuona kumunda ukulephera ngakhale kugwira khasu?” Kalasi yonse idafa nacho chiseko. Pofika nthawi ya nkhomaliro dzina linali litamera kale.

Ndiyenera kunena zoona: Bambowo sadalekere pa nthabwala. Adajambula anthu awiri pa bolodi, wina ali ndi buku m'manja, wina manja ali lende, nafotokoza kusiyana kwa mau awiriwa. Koma ine makutu anali atatentha ndi manyazi, ndipo palibe chimene chidalowa. Mumtima ndinkangoti: kodi sadamve chimene ndimafuna? Adamva. Nanga vuto lili pati? Ku pulaimale tonse tinkati borrow me your pen, ndipo cholembera chinkabwera. Ndidagamula ndekha kuti izi ndi zovuta chabe za aphunzitsi, zoti ndidzaziloweza mayeso akayandikira.

Pofuna kuti makolo amene sadziwa Chingerezi atsate bwino nkhaniyi, ndifotokoze pano zimene ndidakana kumva tsiku lija. Mau awiriwa amanena za chinthu chimodzi, ndiye kuti katundu akuchoka kwa mwini wake kupita kwa wina kwa kanthawi, ndipo adzabwerera. Kusiyana kwake kuli pa mbali imene munthu waima. Amene akutenga ndiye amachita borrow. Amene akupereka ndiye amachita lend. Motero ukafuna cholembera kwa mnzako pali njira ziwiri zolondola. Ungathe kunena za iwe mwini kuti, “May I borrow your pen?” kapena kunena za mnzakoyo kuti, “Please lend me your pen.” Pempho ndi limodzi, koma poyamba wotchulidwa ngati wochita ndiwe wotenga, ndipo kachiwiri ndi iye wopereka. Borrow amayenda ndi from, kusonyeza kumene chinthu chachokera. Lend amayenda ndi to, kusonyeza kumene chapita, kapena amangotsatidwa ndi munthu wolandirayo monga mu lend me. Tsono ukati borrow me, wamuika munthu pamalo pa katundu, ndipo nchifukwa chake Bambo adafunsa kuti akandibwereke kwa yani.

Tchuthi cha Khrisimasi chitafika ndidapita kumudzi. Bambo anga ndi mlimi, ndipo sukulu adalekera Sitandade 5. Amakhala kwao kwa amayi monga mwa mwambo wa kwathu, ndiye kuti ndi mkamwini, ngakhale akhala m'mudzimo zaka zoposa makumi awiri. Anthu amawakhulupirira, kotero kuti panthawiyo iwo ndiwo anali msungichuma wa Mphakati wathu. Chaka chimenecho tidaakolola bwino ndithu, ndipo m'chipinda munali matumba angapo a chimanga oti atifikitse ku zokolola zina.

Usiku wina, titangomaliza kudya, kudabwera bambo wina wachikulire wa m'mudzi momwemo, bwenzi la bambo la nthawi yaitali. Adakana mpando nakhala pamphasa. Atacheza za mvula ndi za mtengo wa feteleza, adatsitsa mau nati, “Achimwene, kunyumba kwatha. Mundikongozeko matumba atatu, ndidzabweza tikakolola.” Adapemphanso kuti nkhaniyi isamveke, ngakhale kwa akazi ao, chifukwa chimanga chao adaachigulitsa okha mwezi wa Juni kuti alipirire mwana sukulu, akazi ao akuletsa.

Bambo sadakane. Koma chaka cha m'mbuyo mwake munthu wina adaawakongola thumba la feteleza nkudzakana poyera, ndiye adati, “Palibe chovuta achimwene, koma tilemberane.” Adandiitana. Nditabwera ndi kope ndi bolopeni ndidafunsa ngati ndilembe m'Chichewa. Bambo adaseka nati, “M'Chichewa? Nanga fizi ndikulipirira chiyani? Lemba m'Chizungu, kalata ikhale ya mphamvu.” Ndidamva kukoma kwambiri. Pa kuwala kwa tochi ndidalemba tsiku, ndi mau awa, kupatula dzina limene ndalichotsa: “My father has borrowed Mr. Uje three bags of maize. He will return them after harvest.”

Ndidalemba mapepala awiri ofanana. Ndidawawerengera mokweza m'Chingerezi, kenaka nkumasulira m'Chichewa kuti bambo akongoza a Uje matumba atatu ndipo a Uje adzabweza akakolola. Onse adagwedeza mitu nasaina. Ine ndidasaina ngati mboni, ndi siginecha yopotapota imene ndinkaiyeserera kumbuyo kwa makope. Matumba aja adapita usiku womwewo panjinga, maulendo atatu.

Zimene zidachitika m'munda chaka chimenecho aliyense akuzikumbukira. Mvula idadula m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale 2024, chimanga chambiri chidafota chisanabereke, ndipo pa wailesi tinkangomva za El Niño. Pa 23 Malichi 2024 Dr. Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, adalengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino muli ngozi ya njala. Kwathu ambiri adakolola zosakwana ngakhale ngolo imodzi. Bambo adadziwa kuti mnzao sangabweze chaka chimenecho, ndipo sadapiteko kukafunsa. M'mwezi wa Juni mnzao uja adadwala masiku ochepa, namwalira.

Pa maliro bambo sadanene kanthu za ngongole. Iwo ndiwo adathandiza kukumba manda ndiponso adapereka ufa wa pasiwa. Koma mwambo wa maliro utatha, mwana wamkulu wa malemu, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, adatsegula sutikesi ya bambo ake kuti aone mapepala. Pakati pa makadi a ubatizo ndi malisiti adapeza pepala langa lija. Mnyamatayo adamaliza Fomu 4, ndipo Chingerezi amachidziwa kuposa m'mene ine ndinkachidziwira. Adawerenga kuti my father has borrowed, naona kuti wosaina ngati mboni ndine, ndipo adamva chimene munthu aliyense wodziwa Chingerezi akadamva: bambo anga ndiwo adatenga chimanga. Adaganiza kuti mwana wa sukulu adangoiwala kulemba from.

Sindimuimba mlandu. Adabwera kwathu mwaulemu pamodzi ndi amalume ake, nati, “Bambo, tapeza kalata. Tikudziwa kuti chaka nchoipa, koma amayi atsala okha ndi ana, ndiye ngati mungayambe ndi thumba limodzi zitithandiza.” Amayi amati bambo poyamba adayesa kuti sadamve bwino. Kenaka adalowa m'nyumba, natulutsa pepala lao m'Baibulo m'mene adalisunga, nalipereka ndi manja awiri kuti, “Werengani nokha, umboni ndi uwu.” Mnyamatayo adawerenga nayankha kuti, “Inde bambo, ndi zomwezo zimene ndikunenazi.”

Mpaka lero ndikaganiza za mphindi imeneyo mtima umandiwawa. Munthu adasunga pepala miyezi isanu ndi umodzi, kulikhulupirira kuti likumuteteza, osadziwa kuti likumuneneza.

Mbiri idawanda m'mudzi monse kuti mkamwini uja akukana ngongole ya munthu wakufa, m'chaka cha njala, mkazi wamasiye akuvutika. Ena adaleka kupereka moni. Ku Mphakati adawapempha kuti ayambe atula pansi udindo wosunga ndalama mpaka nkhaniyo itaweruzidwa. Ine sindidadziwe chilichonse, chifukwa amayi adakana kuti andisokoneze ndili pafupi kulemba mayeso a kutha kwa chaka. Ndidazimva tsiku limene ndidafika pa tchuthi chachikulu, ndisanatsitse ndi chikwama chomwe. Mlongo wanga ndiye adandiuza, ndipo sadasankhe mau: “Chizungu chako chija chawaika bambo m'madzi.”

Mlandu udakambidwa pa bwalo la a Nyakwawa m'mwezi wa Ogasiti. Anthu adabwera ambiri, pakuti nthawi imeneyo kumunda kulibe ntchito. A Nyakwawa adaitanitsa mphunzitsi wina wopuma pantchito wa mudzi woyandikana nawo kuti awerenge mapepala awiriwo, popeza iye analibe mbali. Mkuluyo adawerenga kawiri chamumtima, nati, “Mfumu, Chingerezi cha m'kalatamu nchopunduka mwendo umodzi. Kuti chiyende pali njira ziwiri. Ndikaonjezera kaliu kamodzi, from, ndiye kuti bambo awa ndiwo adakongola kwa malemu. Ndikachotsa borrowed nkuikapo lent, ndiye kuti malemu ndiwo adakongola kwa bambo awa. Chiganizo chachiwiri chikuti he adzabweza, koma sichikunena kuti he ameneyo ndani, poti onse awiri ndi amuna. Pepala lokhali silingathe kutiuza.”

Adandiitana. Ndidaimirira miyendo ikunjenjemera, ndi kuvomera kuti wolemba ndine, kuti ndidalakwitsa liu, ndiponso kuti ndidaona ndi maso anga matumba akutuluka m'nyumba mwathu. A Nyakwawa adandiyang'ana nthawi yaitali nafunsa kuti, “Kodi ku seminaleko akukuphunzitsani zotere?” Anthu adaseka, koma kuseka kwake sikunali ngati kwa m'kalasi kuja. Amalume a mnyamata uja adaimirira nati mwana sangatsutse bambo wake pa bwalo, motero umboni wanga ulibe ntchito. Ndipo kunena chilungamo, adanena zomveka. Ndikadakhala ine woweruza, sindikadamukhulupirira mnyamata amene akuti pepala limene adalemba yekha likunena zosiyana ndi zimene iye amatanthauza.

Apa mpamene mayi wamasiye uja, amene nthawi yonseyi adakhala kumbuyo pakati pa amayi anzake atafunda chitenje kumutu, adasendera kutsogolo nagwada. Adayankhula motsitsa kwambiri kotero kuti nduna ya a mfumu inkachita kubwereza mau ake kuti anthu amve. Adati matumba atatu adafika kunyumba kwao usiku m'mwezi wa Disembala, ndipo malemu adawauza kuti ndi malipiro a ganyu. Iwo sadakhulupirire, chifukwa pakamwa pa matumbawo panali posokedwa ndi ulusi wofiira wa juzi yakale, ndipo m'mudzi monse amene amasoka matumba motero ndi amayi anga okha. Adati matumba opanda kanthuwo akadali nawo, amayanikapo ufa. “Nsima yake ndidaphika ndine, ana adadya,” adatero. A Nyakwawa atafunsa chifukwa chimene sadanenere kale, mayiwo adayankha kuti, “Mfumu, m'nyumba mulibe kanthu. Mwana atati kuli matumba atatu akubwera, ndidakhala chete.”

Pa bwalo padati zii. Palibe amene adawadzudzula mayiwo. Mwana wao adagwira kumutu, kenaka adapita kukagwada pamaso pa bambo anga. A Nyakwawa adagamula kuti ngongole ili ku banja la malemu, koma bambo adapempha kuti chaka chimenecho pasabwezedwe kanthu. Adalamula kuti palembedwe pepala lina pomwepo, m'Chichewa, ndipo wolemba akhale ine ndemwe, mphunzitsi wopuma uja ataima pambuyo panga. Ndidalemba maina onse awiri m'chiganizo chilichonse, osasiya mpata woti wina afunse kuti iyeyo ndani.

Pobwerera kunyumba bambo adayenda patsogolo, ine pambuyo. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, mwinanso kuuzidwa kuti za sukulu zathera pomwepo. Titafika pa mjigo adaima, osatembenuka, nati, “Ukadafunsa.” Basi. Akulu adati safunsa adadya phula, koma phula limeneli adadya ndi bambo anga, ine ndili phee ku sukulu.

Sukulu itatsegulidwa ndidatenga pepala lakale lija kupita nalo kwa Bambo wa Chingerezi. Ndidaganiza kuti aseka, koma sadaseke. Atamva nkhani yonse adandiuza kuti ndinene m'Chichewa chimene ndinkafuna tsiku lija m'kalasi. Ndidati, “Bambo, ndibwerekeni dikishonale.” Adandiuzanso kuti ndinene kuti ndatenga dikishonale kwa iwo. Ndidati, “Ndabwereka dikishonale kwa Bambo.” Adafunsa kuti, “Mneni wasintha?” Apo mpamene maso anga adatseguka. M'Chichewa chathu kubwereka kumayenda mbali zonse ziwiri. Ndikati ndabwereka khasu kwa a Uje, ndatenga ndine. Ndikati a Uje andibwereka khasu, apereka ndi iwo. Chimene chimatiuza mbali ndi tizidutswa tating'ono ta m'kati mwa mneni ndi kaliu kakuti kwa, ndipo timazimva osaganizira nkomwe. Tsono mwana akaphunzira kuti kubwereka ndi borrow, amatenga ndibwereke wake nkumuveka malaya a Chingerezi, nkutuluka borrow me. Si umbuli wamba ayi, ndi Chichewa chimene chikuyankhula m'kati mwa Chingerezi.

Umboni wake ndi wakuti mau ena otere satisokoneza. Sindidamvepo mnzanga akusokoneza buy ndi sell, chifukwa kwathu kugula ndi kugulitsa nzosiyana kale. Chimodzimodzinso learn ndi teach, popeza tili ndi kuphunzira ndi kuphunzitsa. Ife timaonjezera kachidutswa kumapeto kwa tsinde kuti chinthu chitembenuke, pamene Chingerezi chimasintha liu lonse. Kubwereketsa tili nako ndithu, koma poyankhula tsiku ndi tsiku timakonda kungoti ndibwereke, ndipo mpomwe pali dzenje.

Bambowo adandiuzanso zina zimene zidandichotsa manyazi pang'ono. Si ife tokha amene timagwa m'dzenje limeneli. M'Chijeremani liu lakuti leihen limagwira ntchito mbali zonse ziwiri, monga kubwereka kwathu. Kumadera ena a kumpoto kwa United States, monga ku Wisconsin ndi ku Minnesota kumene kudakhazikika anthu ambiri ochokera ku Germany ndi maiko oyandikana nalo, anthu ena amati borrow me poyankhula. Ku England komweko, m'madera ena, umamva mwana akuti can I lend your pen pamene akufuna kutenga, ndiye kuti iwo amalakwitsa motembenuza. Nditamva zimenezi ndidafunsa kuti nanga bwanji ife amatidula malikisi. Adayankha kuti poyankhulana pamaso palibe amene amasokera, chifukwa aliyense akuona amene ali ndi cholembera m'manja ndi amene alibe. Pepala lilibe manja. Limawerengedwa ndi munthu amene panalibe, mwina olembawo atamwalira. Sindidafunsenso, pakuti zimenezo ndidaaziona ndekha pansi pa mtengo wa bwalo.

Tidatsegula dikishonale ina ya mu laibulale imene imafotokoza kumene mau adachokera. Borrow adachokera ku liu la Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, lakuti borgian, ndipo tsinde lake borg linkatanthauza chikole. Ndiye kuti wochita borrow ndi uja amene ayenera kusiya chikole kapena lonjezo, ndiye wotenga. Lend adachokera ku laenan, ndipo ndi wachibale wa loan, liu limene timalimva ku banki ndi ku magulu a banki m'khonde. Mneniyu sasintha ngati anzake: sitinena lended koma lent. Mnzanga wina wokonda nthabwala adati nchifukwa chake nyengo ya Lenti timapereka kwa osauka, koma zimenezo nzabodza. Dzina la nyengoyo lidachokera ku liu lina lakale, lencten, lotanthauza nyengo imene masiku amayamba kutalika ku Ulaya dzinja lozizira likatha. Kufanana kwake ndi kwa malembo chabe.

Njira imene idandithandiza kwambiri ndi yapafupi. Borrow ndi mbale wa take, ndipo lend ndi mbale wa give. Ndikakayika ndimachotsa liulo nkuikapo mbale wake. Give me your pen akumveka bwino, choncho lend me your pen ali bwino. Take me your pen sakumveka, choncho borrow me your pen ndi wolakwika. Ndikadayesa njira imeneyi usiku uja, ndikadaona kuti my father has taken Mr. Uje three bags ndi chiganizo chopanda mutu.

Koma pali chinthu china chimene ndidachizindikira mochedwa, ndipo chimandichititsa kuganiza kuti bambo adalakwa pamene adayesa kuti kalata ya Chizungu ndiyo ya mphamvu. Pa nkhani imeneyi Chichewa chili ndi maso akuthwa kuposa Chingerezi. Mngerezi amati borrow kaya watenga khasu, kaya watenga ndalama, kaya watenga chimanga. Ife timasiyanitsa. Khasu, njinga kapena buku timabwereka, ndipo timabweza chomwecho chimene tidatenga. Ndalama ndi chimanga timakongola, chifukwa zimene watengazo uzidya kapena kuzigwiritsa ntchito nkutha, ndipo udzabweza zina zolingana nazo. Mnzao wa bambo uja sadati mundibwereke, adati mundikongoze. Ndipo kukongola ndi kukongoza sizisokonezeka: wokongola watenga, wokongoza wapereka. Ndikadalemba liu limodzi lokhalo, akongoza, sipakadakhala mlandu. Ndikudziwa kuti ambiri timati ndibwerekeko ndalama, koma ndimaona ngati timatero pofuna kupeputsa nkhani, kuti ngongole isamveke ngati ngongole.

Nditanena zimenezi m'kalasi ya Chilatini, aphunzitsi adakondwa kwambiri nati Aroma akale ankasiyanitsa chimodzimodzi. M'malamulo ao, amene mfumu Justinian adawasonkhanitsa m'mabuku m'chaka cha 533, muli commodatum ndi mutuum. Commodatum ndi pamene wapatsidwa chinthu kuti ugwiritse ntchito mwaulere nkudzabweza chomwecho, monga hatchi kapena chiwiya. Mutuum ndi pamene wapatsidwa zinthu zoyezedwa kapena zowerengedwa, monga ndalama, tirigu, vinyo kapena mafuta, zimene zimasanduka zako ndipo udzabweza zina za mtundu ndi muyeso womwewo. Kubwereka ndi kukongola kumene. Ndidadabwa kuti agogo anga amene sadapondeko m'kalasi amasiyanitsa zinthu zimene akatswiri a malamulo a ku Roma adazilembera mitu iwiri, pamene ine ndinkathamangira chiyankhulo chimene chimaziphatikiza.

Sindikunena kuti tileke Chingerezi. Mayeso timalemba m'Chingerezi, ndipo amene alephera phunziroli satifiketi sapata. Ndikungoti ndidali ndi ziyankhulo ziwiri m'manja, china ndikuchidziwa bwino, china ndikuchidziwa theka, ndipo pa nkhani yokhudza chakudya cha mabanja awiri ndidasankha cha theka chifukwa ndinkafuna kuti bambo andione kuti ndine wophunzira. Masiku ano mnyamata wa Fomu 1 akandiuza kuti borrow me your ruler ndimamupatsa rulayo, kenaka ndimamukhazika pansi. Ena amaipidwa, ndipo ndimawamvetsa, pakuti nkhope imene amapanga ndimaidziwa.

Bambo adabwezeredwa udindo wao ku Mphakati mwezi womwewo wa Ogasiti, ngakhale pali anthu awiri kapena atatu amene mpaka pano amayankhula nawo mozizira, ngati kuti mlandu uja udatsala pena. Chaka chotsatira, cha 2025, nditapita ku tchuthi chachikulu, mayi wamasiye uja adabwera m'mawa wina ndi mdzukulu wao akukankha njinga, pakaliyala pali thumba limodzi. Bambo adayesa kukana koma mayiwo adaumirira, nati safuna kuti amuna ao agone ndi ngongole. Amayi adawaphikira tiyi. Kenaka bambo adatulutsa pepala la Chichewa lija m'Baibulo nandipatsa bolopeni. Ndidalemba tsiku, ndi kuti mayi a kwa a Uje abweza thumba limodzi kwa bambo anga, ndipo kwatsala matumba awiri. Bambo adati ndiwerenge mokweza. Nditawerenga adati ndibwerezenso, pang'onopang'ono, iwo akutsata ndi chala liu lililonse. Atatero mpamene adasaina.